Makalata a omvera: Chibuda mu ofesi ya boma

Takulandiraninso, omvera. Sabata yatha tinafunsa ngati chiphunzitso cha Buddha chingathandize poyendetsa boma. Pa makalata amene afika ndasankhapo awiri. Yoyamba ikuti:

"A mkulu wa pulogalamu, ambiri amathamangira mikhalidwe 10 ya mfumu yabwino, monga kuwolowa manja ndi kusapsa mtima. Njabwino, koma siyezeka. Chimene chimagwira ntchito pa desiki ndi agati, njira zinayi zimene chiweruzo chimakhotera: chanda (kukondera), dosa (chidani), bhaya (mantha) ndi moha (kusamvetsa nkhani). Musanasaine fayilo yolemba munthu ntchito kapena yopereka kontirakiti, dzifunseni: Wopindulayu ndi wanga? Wolepherayu ndili naye chakukhosi? Ndikakana, ndikuopa ndani? Mapepala onse ndawerenga? Malamulo olimbana ndi katangale amasaka kwambiri kukondera chifukwa kumasiya mapazi a ndalama. Mantha sasiya phazi. Wosaina mwamantha sadyapo kanthu, koma kontirakiti yapitabe kwa wosayenera."

Zikomo, bambo, mwalasa. Ndiwonjezere kuti m'malamulo a amonke, mlandu ukakanika kutha mogwirizana ankaponya voti ndi timitengo, poyera kapena mobisa, ndipo wotolera timitengoto anayenera kukhala wopanda agati zinayi zomwezi. Komabe pa mantha sindingadalire mtima wa munthu wokha. Lamulo lochokera pamwamba lizifika polemba, ndipo chisankho chachikulu chizidutsa m'komiti yolemba maminitsi. Buddha mwini, pofotokoza chifukwa chimene a Vajji, anthu a dziko lina la ku India wakale, sakanagonjetsedwa ndi mfumu Ajatasattu, anayamba ndi mfundo yoti amakumana kawirikawiri. Analinso osasintha malamulo awo mwachisawawa.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina:

"M'malemba a Chibuda muli mfumu imene inanyalanyaza osauka mpaka kuba kunayamba. Wakuba woyamba kugwidwa inamupatsa chuma kuti akadzithandize. Ena atamva, anayamba kuba dala. Mfumu inatembenuka n'kuyamba kudula mitu, ndipo akuba anasula malupanga n'kumapha anthu amene ankawabera. Inalakwa kawiri: thandizo linabwera mochedwa, kudzera pa khomo la mlandu, ndipo chilango chinangokweza nkhanza. M'nkhani ina mlangizi akuuza mfumu njira yake: alimi apatsidwe mbewu ndi chakudya cha ziweto, amalonda apatsidwe mpamba, ogwira ntchito m'boma alandire chakudya ndi malipiro oyenera. Taonani kuti aliyense akulandira chida cha ntchito yake, asanabe. Chachitatucho ndicho maboma amaiwala, kenako n'kumadabwa ziphuphu."

Mayi, mwatiphunzitsa. Amene anayesa zoterezi m'dziko lalikulu ndi mfumu Ashoka ya ku India. Atagonjetsa dziko la Kalinga cha m'ma 261 BC, analemba pa thanthwe kuti anthu 100,000 anaphedwa ndipo 150,000 anatengedwa ukapolo, n'kuvomereza chisoni chake. Kenako analamula kuti akuluakulu a m'zigawo aziyendera madera awo zaka zisanu zilizonse, ndiponso kuti obweretsa nkhani za anthu azimufikira nthawi iliyonse, ngakhale akudya. Koma chilango cha imfa sanachichotse. Anangopatsa oweruzidwa masiku atatu kuti abale awo akadandaule.

Masiku ano anthu amaloza Bhutan, dziko la Chibuda la ku Asia. Malamulo ake aakulu a 2008 amauza boma kuti litsate chimwemwe cha anthu onse, ndipo amati nkhalango zisachepere 60 peresenti ya dziko. Chimwemwecho amachiyeza m'magawo 9, kuphatikizapo thanzi, maphunziro ndi kagwiritsidwe ntchito ka nthawi. Dziko lomwelo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anthu olankhula Chinepali pafupifupi 100,000 anachokamo, ambiri mothamangitsidwa, n'kukakhala m'misasa ya othawa kwawo ku Nepal. Bambo a kalata yoyamba, mafunso anu anayi aja tawayesani pamenepa, mutilemberenso.