Kusamala ndi Kugawa Cross-Compiler ya Makompyuta Akale

Moni nonse amene mukuonera vidiyoyi, amene muli kuno ku Johannesburg ndi inunso amene muli kumudzi. Patebulo pano ndaika makina awiri. Iyi ndi laputopu wamba imene ndimagwirira ntchito, ndipo inayi ndi Commodore 64, kompyuta imene inatuluka mu 1982, yokhala ndi memory ya 64 KB basi ndi processor (ubongo wa kompyuta) ya 6510 imene imathamanga pafupifupi 1 MHz. Ndinaigula kwa agogo ena a ku Turffontein amene ankachotsa katundu m'galaja. Ambiri a ife sitinakule ndi makina otere, chifukwa ankalumikizidwa ku TV, pamene kwathu ku Malawi wailesi yakanema ya boma inayamba mu 1999, koma kuno ku South Africa inali itayamba kale mu 1976.

Compiler ndi pulogalamu imene imatenga zimene munthu walemba m'chinenero monga C n'kuzisandutsa malangizo amene processor imamva. Cross-compiler imagwira ntchitoyi pa makina ena, koma zimene yatulutsa n'zoti zikagwire pa makina ena osiyana nawo kotheratu. Ili ngati telala wa ku Limbe amene akusoka suti ya munthu wokhala ku Joni pongotsatira miyeso yolembedwa papepala, moti akaphonya muyeso umodzi, cholakwikacho chimakaonekera kutali, suti itavalidwa kale. Laputopu imene compiler ikugwirapo ntchito amaitchula host, ndipo makina amene akusokeredwawo amawatchula target.

Imene ine ndimagwiritsa ntchito ndi cc65. Inachokera ku compiler imene John R. Dunning analembera makompyuta a Atari, kenako Ullrich von Bassewitz anaikuza ndi kuisamala kwa zaka zambiri mpaka 2013, pamene anatula udindowo ndipo Oliver Schmidt anaupitiriza, ntchitoyo n'kusamukira pa GitHub, tsamba la paintaneti losungirapo mapulogalamu. Taonani pasikirini: ndikulemba cl65 -t c64 -o moni.prg moni.c, ndipo fayilo ya Commodore 64 yatuluka. Ndikasintha c64 n'kulembapo apple2, atari kapena nes, ndipanga pulogalamu ya makina ena a m'banja la 6502, banja la ma processor limene 6510 ilimo. Amene ali ndi ZX Spectrum, imene imayendera processor ya Z80, amagwiritsa ntchito z88dk kapena SDCC.

Ntchito yeniyeni ya osamala compiler yagona pa mawu akuti portable, kutanthauza kuti compiler izitha kumangidwa pa Linux, pa Windows ndi pa macOS, n'kumatulutsa mabayiti ofanana ndendende kulikonseko. Zimenezi n'zovuta kuposa momwe zikumvekera, ndipo chitsanzo chake ndi ichi. Pa Linux ya 64-bit, nambala ya mtundu wa long m'chinenero cha C imatenga mabiti 64 (biti ndi 0 kapena 1, ndipo mabiti 8 amapanga bayiti imodzi), pamene pa Windows ya 64-bit imatenga mabiti 32. Wolemba compiler akadalira long powerengera, pulogalamu imodzimodziyo ikhoza kupereka yankho lina ikamangidwa pa laputopu yanga ndi yankho linanso pa laputopu yanu, popanda uthenga uliwonse wochenjeza.

Chinanso n'chakuti compiler imawerengeratu masamu ena isanatulutse pulogalamu, ndipo iyenera kuwerengera monga momwe target ikanawerengera, osati monga momwe host ikuwerengera. Mu cc65, nambala ya mtundu wa int ndi ya mabiti 16, kotero unsigned int, imene siitsika pansi pa ziro, siipitirira 65535. Mukaphatikiza 40000 ndi 40000 m'manambala a mtundu umenewo, Commodore 64 ipeza 14464, chifukwa zapamwambazo zimasefukira n'kutayika, ndipo compiler imene ingapereke 80000 yasoka suti ya thupi lina. Dongosolo la mabayiti nalonso limasiyana: posunga nambala ya mabayiti angapo, 6502 ndi Z80 zimayamba ndi bayiti yaing'ono, pamene Motorola 68000 ya mu Amiga imayamba ndi yaikulu, choncho compiler yosamala imalemba bayiti iliyonse payokha m'malo mokopera nambala momwe yakhalira mu memory ya host. Ngakhale zilembo n'zosiyana, poti Commodore imagwiritsa ntchito dongosolo la zilembo la PETSCII osati la ASCII, ndipo cc65 imazisinthira yokha mawu amene mwalemba.

Nanga osamalawo amadziwa bwanji kuti pokonza chimodzi sanaononge china, popeza palibe amene ali ndi makina onsewa kunyumba kwake? Phukusi la cc65 lili ndi sim65, pulogalamu yoyerekeza processor ya 6502, ndipo timapulogalamu tambirimbiri toyesera timamangidwa n'kuyendetsedwa pamenepo nthawi iliyonse wina akasintha kanthu. Mwambo wabwino ndi wakuti cholakwika chilichonse chikapezeka, chizisiya kapulogalamu kake koyesera, kuti chisadzabwerere mwakachetechete patapita zaka. Ine ndimaona kuti iyi ndiyo ntchito yofunika kuposa kuonjezera zinthu zatsopano, ngakhale kuti ndi ntchito imene anthu sayamikira kawirikawiri. Ngati mukufuna kuthandiza koma simunafike polemba compiler, tumizani lipoti lomveka bwino: version imene muli nayo, target, lamulo limene munalemba, ndi pulogalamu yaifupi kwambiri imene ikuonetsa vutolo.

Kugawa ndiyo mbali imene ikutikhudza kwambiri ifeyo, chifukwa kwathu bandulo ndi yodula ndipo mapulogalamu amayenda pafulashi ndi pa WhatsApp. Chaka chatha achimwene anga a ku Zomba, amene amaphunzitsa kusekondale, anandipempha kuti ndiwatumizire cc65 kuti aonetse ana momwe kompyuta imagwirira ntchito mkati mwake. Ndinakopera foda ya bin yokha pafulashi n'kupatsira munthu wokwera basi ku Park Station. Patapita masiku anandiimbira n'kunena kuti, "Achimwene, zimene mwatumizazi zikungolemba kuti mafayilo ena sakupezeka." Vuto linali langa. Compiler siyenda yokha: imafuna foda ya include mmene muli ma header (mafayilo ofotokoza zimene zili mu ma library), ya lib mmene muli ma library (zidutswa za pulogalamu zokonzedwa kale) a target iliyonse, ya asminc, ndi ya cfg mmene muli mafayilo ouza linker, ld65, imene imalumikiza zidutswa zonsezo, malo a mu memory oika gawo lililonse la pulogalamu. Pa Commodore 64, mwachitsanzo, pulogalamu wamba imayambira pa adiresi $0801, ndipo mabayiti awiri oyambirira a fayilo ya PRG ndiwo amanena adiresiyo. Teremu yonse inatha anawo asanaone kanthu, ndipo zinandipweteka mumtima.

Kuyambira pamenepo ndimatumiza phukusi lathunthu, zonse zochokera ku version imodzi, chifukwa ma library akale ndi linker yatsopano nthawi zina sizigwirizana. Ndimaikaponso source code yake, kutanthauza pulogalamuyo momwe anthu anailembera isanadutse mu compiler, kuti wolandirayo athe kumanga yekha ngati makina ake ndi osiyana ndi anga, ndi kafayilo kakang'ono konena tsiku ndi commit (nambala ya kusintha kwake pa GitHub) imene ndinatengera. Ndimalembanso SHA-256 (nambala yotsimikizira kuti fayilo sinasinthe) ya phukusilo n'kuitumiza padera pauthenga wa pafoni, popeza fulashi imene yadutsa m'makompyuta ambiri ikhoza kufika itaonongeka kapena itatola vairasi. Amene muli ndi intaneti yokwanira, cc65 imapezeka m'nkhokwe za mapulogalamu za Debian (mtundu wa Linux) ndi Homebrew, koma dziwani kuti phukusi la kumeneko limatsalira m'mbuyo poyerekeza ndi zimene zili pa GitHub.

Layisensi musaisiye. Ya cc65 ndi ya zlib, imene imakulolani kugawa ngakhale kugulitsa, malinga musaname kuti munailemba ndinu, muonetse poyera ngati mwasintha kanthu mu source code, ndipo musachotsemo chidziwitso cha layisensiyo. SDCC ili pansi pa layisensi ya GPL, ndipo mukagawa SDCC yomangidwa kale muyenera kupatsanso wolandirayo njira yopezera source code yake. Anthuwa akhala akugwira ntchitoyi mongodzipereka kwa zaka zambiri, kotero kusunga mayina awo paphukusi ndi ulemu umene akuyenera kulandira.

Pafulashipo muikeponso emulator monga VICE, pulogalamu yoyerekeza Commodore 64 pa kompyuta wamba, chifukwa olandirawo akhoza kukhala ngati achimwene anga amene alibe Commodore 64 yeniyeni. Muwakumbutse kusankha PAL, imene imajambula sikirini ka 50 pa sekondi ngati makina amene ankagulitsidwa kuno, osati NTSC ya ku America imene imajambula ka 60, chifukwa masewera ndi nyimbo zoyesedwa pa imodzi zimasintha liwiro pa inayo. Tsopano ndikuika moni.prg pa SD card, ndikuyatsa makinawa, ndipo sikirini yabuluu ija yaoneka ndi mawu ake akuti 38911 BASIC BYTES FREE. Ndikulemba LOAD, kenako RUN, ndipo mukuona pamwambapo palembedwa kuti "Muli bwanji?"