William Gillette: bambo amene anapatsa Sherlock Holmes nkhope yomwe timaidziwa

Muli bwanji nonse, takulandiraninso. Tayambani mwatseka maso kaye pang'ono muganize za Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa ku London uja. Mukuona chani? Chipewa chija cha milomo iwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, kaliwo wokhota ali pakamwa, munthu wamtali wowonda wosaseka. Eti? Ndiye chipewacho anayamba kuchijambula m'magazini ndi Sidney Paget, koma amene anachivala pa siteji, nkuika kaliwo wokhota uja pakamwa mpaka dziko lonse kuzolowera kuti Holmes ndi ameneyu, sanali Mngelezi nkomwe, anali wa zisudzo wa ku America dzina lake William Gillette.

Bamboyu anabadwa mu 1853 ku Hartford, m'chigawo cha Connecticut, kubanja lopata bwino, bambo ake anakhalapo senator. Nthawi imeneyo mwana wa banja lolemekezeka kunena kuti ndikufuna zisudzo zinali ngati wanena kuti ndikufuna kukhala chidakwa. Mwayi wake unali woti neba wawo anali Mark Twain, wolemba mabuku uja, ndipo ndi iyeyo anamuthandiza kupeza kagawo kakang'ono m'sewero cha m'ma 1870 umu. Kuyambira pamenepo sanabwererenso m'mbuyo.

Anazindikira msanga kuti kudikira anthu ena akulembere gawo lokukwana ndi kutaya nthawi, ndiye anayamba kulemba yekha masewero, nkumasewera yekha gawo lalikulu, nkumawongoleranso yekha anzake. Awiri amene anamutchukitsa anali a nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, Held by the Enemy wa 1886 ndi Secret Service wa m'ma 1890. Munthu uyu anali wokonda tizipangizo koopsa, anafika popanga njira yakeyake yotulutsira phokoso la ziboda za hatchi kuseri kwa siteji nkukailembetsa ku boma kuti ndi yake. Tangoganizani, anzake ali kalikiliki kuloweza mawu, iye ali pansi kumvetsera ngati hatchi ikumveka kuti ikuchokera kutali kapena ili pafupi.

Koma chimene ine ndimamupatsira ulemu si zipangizozo ayi, ndi kasewereredwe kake. Masiku amenewo wa zisudzo amayenera kukuwa, manja m'mwamba, kugunda pachifuwa, kuti wokhala mpando wa kumapeto amve kuti zavuta. Gillette anachita zosiyana, amayankhula motsitsa, amaima chiimire, nthawi zina kungokhala phee kwa kanthawi anthu nkumadikira kuti anena chani. Mu Secret Service muli malo ena amene iye ali mu ofesi ya matelegalamu akutumiza uthenga wabodza, amuwombera padzanja, iye osakuwa osagudubuka, angomanga bala nkupitiriza ndudu ili pakamwa. Holo yonse ziii. Mu 1913 anakamba nkhani yotchuka yoti ntchito ya wa zisudzo ndi kupangitsa owonera kukhulupirira kuti zimene akuonazo zikuchitika koyamba, ngakhale iwe wazinena usiku 500 wotsatizana. Munthu weniweni sadziwa mawu amene anene kutsogolo, amawafunafuna, amadodoma, amayamba nkusiya. Lero izi timaziona ngati zachidziwikire koma nthawi imeneyo zinali zachilendo.

Tsopano Holmes analowa bwanji? Arthur Conan Doyle, mlembi wa nkhani za Holmes, anali atatopa naye munthu wake uja moti mu 1893 anamupha m'nkhani, kumugwetsera pa mathithi a Reichenbach. Koma ndalama ndi ndalama, analemba sewero la Holmes, linafika m'manja mwa Charles Frohman, mkulu wa bizinesi ya zisudzo ku New York, ndipo Frohman anati ili likufunika kulembedwanso, apatseni a Gillette. Gillette akulemba anaona kuti anthu olipira tikiti amafuna kachikondi pang'ono, ndiye anatumiza telegalamu kwa Doyle kufunsa ngati angamukwatitse Holmes. Yankho lake ndi lija limatchuka mpaka pano, lakuti mukwatitseni, mupheni, chitani naye chilichonse mungafune. Umu ndi mmene munalowera mtsikana wotchedwa Alice Faulkner, amene okonda mabuku a Doyle ena mpaka lero samumvetsa.

Ndiye tamverani tsoka ili. November 1898, gulu lake lili ku San Francisco, hotela ya Baldwin inapsa, ndipo mapepala a sewero lija anapsera momwemo. Kunalibe zoti ndinasunga pa foni kapena pa imelo, zapsa zapsa basi. Bambo aja anakhala pansi nkulembanso lonse.

Linayamba kuonetsedwa ku Buffalo mu October 1899, kenako pa 6 November ku Garrick Theatre ku New York, ndipo mu 1901 analitengera ku Lyceum Theatre ku London, kwawo kwenikweni kwa Holmes, Mmereka kukasewera Mngelezi pamaso pa Angelezi, ndipo linayenda miyezi yambiri. Za kaliwo wokhota uja anthu amati anamusankha chifukwa satchinga nkhope, owonera amaona pakamwa bwinobwino akamayankhula. Mkanjo wa m'nyumba uja, galasi lokulitsa zinthu, vayolini, zonse anaziika pamaso pa anthu usiku ndi usiku. Ngakhale mawu aja aliyense amati ndi a Holmes, akuti elementary my dear Watson, kumuuza mnzake Watson kuti nzosavuta izi, m'nkhani za Doyle mulibe momwemo, ndipo ambiri amaloza ku sewero la Gillette kuti ndiko anayambira kuumbika. Magetsi nawonso ankawagwiritsa ntchito mochenjera, m'malo mongotsitsa katani amazimitsa pang'onopang'ono mpaka mdima, ndipo pali malo ena Holmes atsekeredwa ndi adani m'chipinda chamdima, amasiya ndudu yoyaka pawindo, adani nkuthamangira kamoto kaja iye atadutsa kwina.

Kanthu kena kokoma, mu 1905 ku Duke of York's Theatre ku London, kamnyamata ka zaka 16 kamene kanasewera Billy, wotumikira m'nyumba ya Holmes, kanali Charlie Chaplin. Inde, yemwe uja.

Gawo la Holmes analisewera maulendo oposa 1,300. Amati ndapuma, anthu nkumuitananso, abwerere. Ndalama zake anamangira chinyumba cha miyala pamwamba pa phiri moyang'ana mtsinje wa Connecticut kuyambira 1914 mpaka 1919, zitseko 47 chilichonse ndi loko wake wamatabwa wosafanana ndi mnzake, kanjanji kakekake kozungulira pamalopo, ndi amphaka ambirimbiri. Mkazi wake Helen anamwalira mu 1888 ndipo sanakwatirenso, amakhala ndi amphakawo. Mu 1929 ali ndi zaka 76 anavalanso chipewa chija kuti akatsanzike, kutsanzikako kunatenga mpaka 1932. Anamwalira mu 1937.

Vuto la siteji ndi loti katani ikatsika zatha, otsala ndi okamba chabe. Gillette anajambulitsa filimu imodzi yokha ya Holmes, yopanda mawu, mu 1916 ku kampani ya Essanay ku Chicago, ndipo inasowa moti kwa zaka pafupifupi 100 anthu ankangomuwerenga osamuona akuyenda. Mu 2014 anaipeza ku Paris, ku Cinémathèque Française, nyumba yosungira mafilimu, itasungidwa pakati pa mafilimu ena. Ataikonza, mu 2015 anakaionetsa ku San Francisco, mzinda womwe uja munapsera mapepala ake.