Moyo wa Msilikali m'Ngalande za Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse

Moni nonse owonera. Lero tipita ku France ndi ku Belgium, m'zaka za 1914 mpaka 1918, kuti tione momwe msilikali wamba ankakhalira tsiku ndi tsiku m'ngalande zankhondo.

Nkhondo itayamba mu Ogasiti 1914, ambiri ankaganiza kuti pofika Khirisimasi adzakhala ali kwawo. Koma Ajeremani atabwezedwa ndi asilikali a France ndi Britain pa mtsinje wa Marne mu Seputembala, mbali zonse ziwiri zinaona kuti munthu woyenda poyera sangapulumuke ku mfuti za chiwaya ndi mizinga. Anagwira mafosholo n'kuyamba kukumba. Pakutha pa chakacho, ngalande zinali zitachoka m'mphepete mwa nyanja ku Belgium mpaka kumalire a Switzerland, mtunda wa makilomita pafupifupi 700.

Ngalandezi ankazikumba zokhotakhota, kuti bomba likagwera mkati lisaphe anthu a mzere wonse. Kutsogolo ankaunjika matumba a mchenga, kenako waya waminga, kenako chipululu cha matope chopanda mwini, chomwe pena chinali mamita ochepa kwambiri moti ankamva adani akutsokomola.

Tsiku linkayamba kusanache. Aliyense ankaimirira ndi mfuti yake, mpeni uli kunsonga, chifukwa adani ankakonda kuukira m'bandakucha. Kukacha bwinobwino, asilikali a Britain ankalandira kamowa pang'ono ka ramu, tiyi, nyama ya m'chitini ndi mabisiketi ouma gwa, ofuna kuviika kaye. Madzi ankabwera m'zigubu zomwe munali petulo, ndiye tiyi ankanunkha petulo. Masana kunali kubisala basi. Ukangodzutsa mutu, woombera wobisala kutsidya ankakulasa pamphumi. Ntchito yeniyeni inali usiku: kukonza waya, kunyamula chakudya, kukoka ovulala, kukwawa kukazonda adani. Gulu linkakhala kutsogolo masiku angapo, n'kusinthana ndi lina, kupita kumbuyo kukapuma, n'kubwereranso.

Tikawerenga makalata ndi mabuku a tsiku ndi tsiku omwe anyamatawa anasiya, chodabwitsa n'chakuti amadandaula kwambiri za matope, nsabwe ndi makoswe kuposa za Mjeremani. Nsabwe zinkaikira mazira m'misoko ya malaya, ndipo amuna ankakhala pansi n'kumadutsitsa lawi la kandulo m'misokomo kuti mazirawo aphulike. Pakapita masiku ochepa zinali zitabwerera, ndipo zinkafalitsa malungo otentha thupi ndi kuphwanya mafupa a miyendo. Makoswe ankanenepa ndi mitembo, ndipo usiku ankayenda pankhope za anthu ogona.

Za mapazi ndiye zomvetsa chisoni. Munthu ankaima masiku m'madzi ozizira atavala majombo othina. Phazi linkachita dzanzi, kutupa, kuda, kenako kuwola, ndipo ena anadulidwa zala kapena phazi lonse. Mankhwala ake anali osavuta: kusintha masokosi ndi kudzola mafuta a namgumi. Akuluakulu atazindikira kuti munthu wotopa sasamala za thupi lake, anawaika awiriawiri, aliyense aziyang'anira mapazi a mnzake. Ine apa ndi pamene ndimaona mtima wa nkhani yonseyi. Chimene chinkawasunga anyamatawa chinali mnzawo wa pambali, amene ankagawana naye fodya, bulangete ndi kalata yochokera kwa amayi.

Chinapha anthu ambiri kuposa china chilichonse ndi mabomba a mizinga. Chipolopolo ungachibisalire, koma bomba linkagwa kuchokera kumwamba, ndipo palibe chomwe ukanachita koma kugona pansi n'kudikira. Ena anakwiriridwa amoyo dothi litawagumukira. Pa 22 Epulo 1915, pafupi ndi tauni ya Ypres ku Belgium, Ajeremani anatulutsa mpweya wa poizoni wa chlorine, ndipo mwa oyamba kuupuma munali asilikali a ku Algeria omwe ankamenyera France. Zophimba kumaso kunalibe, moti ena anakodzera pansalu n'kuiika pamphuno.

Tsopano tifike pa 1 Julaye 1916, pa mtsinje wa Somme. Kwa mlungu wathunthu a Britain anaponya mabomba oposa miliyoni imodzi ndi theka, ndipo asilikali anauzidwa kuti kutsidya sikutsala munthu. Koma Ajeremani anali atakumba zipinda zakuya pansi pa nthaka, ndipo waya wambiri unali wosaduka. Nthawi itakwana 7:30 m'mawa, mawezulo analira, anyamata anakwera makwerero n'kutuluka. Ajeremani anatulutsa mfuti zawo za chiwaya. Tsiku limodzi lokhalo, asilikali a Britain 19,240 anafa, ndipo tikaphatikiza ovulala ndi osowa anakwana 57,470. Ambiri analembetsa usilikali limodzi ndi anzawo a m'tauni imodzi, atalonjezedwa kuti sadzawalekanitsa. Gulu la ku tauni ya Accrington ku England linatuluka ndi amuna pafupifupi 720, ndipo oposa 580 anafa kapena kuvulala m'mawa womwewo. Taganizani, maliro kugwa pafupifupi mumsewu uliwonse wa tauni imodzi, tsiku limodzi.

Anthu akuda sanasiyidwe kunja. France inatenga asilikali ku West Africa, ndipo pa nkhondo ya pa Chemin des Dames ku France mu Epulo 1917 ambiri anapita kutsogolo manja atauma ndi chisanu. Agogo athu a ku Nyasaland anamenya nkhondo yomweyi koma ya mtundu wina, yoyenda mitunda italiitali, kuyambira pa Karonga mu Seputembala 1914, ena ngati asilikali a King's African Rifles, ochuluka ngati amtengatenga. Imeneyo ikufuna vidiyo yakeyake.

Pali bala lina losaoneka ndi maso. Amuna ena ankanjenjemera osasiya, ena kusiya kulankhula, ena kukuwa kutulo. Dokotala Charles Myers analemba za matendawa mu 1915 pa dzina loti shell shock, koma akuluakulu ambiri ankangoti ndi mantha. Msilikali wina wa Britain, Harry Farr, anagona m'chipatala miyezi isanu chifukwa cha vutoli, n'kubwezedwa kunkhondo. Atakana kupitanso kutsogolo pa Somme, anamuzenga mlandu wa mantha ndipo anaomberedwa ndi asilikali a mbali yake yomwe mu Okutobala 1916, ali ndi zaka 25. Mkazi wake analandidwa penshoni, n'kutsala ndi mwana wamng'ono wamkazi, Gertrude. Mwanayo anamenyera dzina la bambo ake mpaka kukalamba, ndipo mu 2006, ali ndi zaka zoposa 90, boma la Britain linakhululukira asilikali onse 306 omwe anaphedwa pa milandu yotereyi, kuphatikizapo Farr.