Ndege imene ili pachithunzi ingakuuzeni komwe chinajambulidwa

[Pa sikirini: munthu waima pabwalo la ndege, kumbuyo kwake kukuoneka mchira wa ndege]

Tinene kuti mwalandira chithunzi ichi pa WhatsApp, ndipo akuti chajambulidwa dzulo ku London. Musathamangire nkhope ya munthuyo. Yang'anani kaye ndege ili kumbuyoyo.

Yambani ndi zilembo zimene zimalembedwa chakumchira kapena kunsi kwa phiko. Imeneyo ndi nambala ya ndegeyo, monga ilili nambala ya galimoto, ndipo pangano la mayiko lokhudza maulendo a ndege, la ku Chicago la 1944, limafuna kuti ndege iliyonse yodutsa malire a mayiko ikhale nayo. Zilembo zoyambirira zimatchula dziko: G ndi Britain, N ndi America, D ndi Germany, ET ndi Ethiopia, ZS ndi South Africa, A6 ndi United Arab Emirates. Mukaiwerenga yonse, ilembeni pa Flightradar24 kapena pa FlightAware, mawebusaiti otsatira maulendo a ndege, muone mabwalo amene yateramo masiku apitawa. Ngati dzulo inali pakati pa Addis Ababa ndi Mumbai, nkhani ya ku London ija yathera pomwepo.

Koma apa m'pamene ambiri amaterereka, ndipo ndikufuna mumvetsetse. Nambala imanena dziko limene ndege inalembetsedwa, osati kumene ili. Ndege za gulu la Ryanair zili ndi EI ya Ireland, zina 9H ya Malta, zina SP ya Poland, koma zonsezo zimazungulira ku Ulaya konse. Chaka cha 2022 chisanafike, ndege zambiri za Aeroflot, kampani ya ku Russia, zinali zolembetsedwa ku Bermuda. Makampani amabwerekananso ndege. Choncho musaone zilembo ziwiri n'kulengeza dziko.

Nanga nambala ikapanda kuoneka? Penti ndi kapangidwe zimayankhula, makamaka pa nkhani ya nthawi.

[Pa sikirini: michira iwiri ya Lufthansa, wakale ndi watsopano]

Lufthansa inasintha penti mu 2018. Kale pamchira panali chizindikiro chozungulira chachikasu chokhala ndi mbalame, pano mchira ndi wabuluu wodera, mbalame ili yoyera. Mukaona mchira watsopanowu, chithunzicho sichinajambulidwe 2018 isanafike, kaya wina alumbire chotani. Komano wakalewo sukutsimikizira kuti chithunzi n'chakale, poti kupenta ndege zonse za kampani kumatenga zaka. Boeing 747 imadziwika ndi linunda lakutsogolo, ndipo British Airways inasiya kuiulutsa mu 2020. Airbus A380 ili ndi mizere iwiri ya mawindo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, inayamba kunyamula anthu mu 2007. A350, ija ili ndi mkombero wakuda kuzungulira mawindo a oyendetsa, inayamba mu 2015.

Ngati chithunzi chajambulidwa mkati, kuzani pathumba la mpando. Kapepala ka malangizo a chitetezo kamalemba kampani ndi mtundu wa ndege. Pawindo, onani nsonga ya phiko, makampani ambiri amapentapo utoto wawo kapena chizindikiro chawo.

Tsopano tsikani pansi, chifukwa ndege imayenda koma bwalo siliyenda. Mchira umodzi wa Emirates sukuuzani zambiri, kampaniyi imatera m'mayiko ochuluka. Koma michira yake khumi itandandalikana, ganizirani Dubai. Ya Ethiopian Airlines ikachuluka chomwecho, yambani ndi bwalo la Bole ku Addis Ababa. Werengani chilankhulo cha pa zikwangwani, mayina a pa magalimoto a mafuta ndi a katundu, nambala ya geti. Onani denga la nyumba yofikira alendo, nsanja ya oyang'anira ndege, mapiri akutali.

Mukatsala ndi mabwalo awiri kapena atatu, atseguleni pa Google Earth muyerekeze ndi chithunzicho, nyumba ndi nyumba, mzere ndi mzere wa pansi poimikapo ndege. Kenaka fufuzani nambala ija pa JetPhotos, komwe okonda kujambula ndege amaika zithunzi zolembedwa tsiku ndi bwalo. Zikagwirizana, nenani malowo. Zikapanda kugwirizana, nenani zokhazo zimene mwatsimikiza: kampani yakuti, ndege ya mtundu wakuti, chaka chakuti chitadutsa.