Thomas Lincoln: zomwe mapepala akale amanena za bambo ake a pulezidenti

Zikomo a wapampando, zikomo amayi ndi abambo nonse mwabwera. Amene muli kumbuyoko ngati mawu sakufika mungokweza dzanja ndikweza.

Lero tikamba za mmene anthu amalondolera moyo wa munthu amene anamwalira kalekale, woti sanasiye kalata olo imodzi yolemba yekha, pongotsata mapepala a m'banja, a kukhoti, a msonkho ndi a kutchalitchi. Ndasankha munthu wa ku America, Thomas Lincoln, bambo ake a Abraham Lincoln pulezidenti uja. Mwanayo dziko lonse limamudziwa koma bamboyu kwa zaka zambiri mbiri yake inali yoti anali mlesi, woyendayenda, wosakhazikika pamalo. Zambiri mwa izi zinachokera kwa William Herndon, loya amene ankagwira ntchito limodzi ndi Abraham, yemwe pulezidenti ataphedwa mu 1865 anayenda kufunsa nkhalamba zomwe zinkakumbukira. Nkhalamba zinayankhula, iye nkulemba. Koma mapepala atayamba kufukulidwa anaonetsa munthu wina.

Thomas anabadwa mu 1778 ku Rockingham County, ku Virginia. Ali kamwana bambo ake, omwe dzina lawo linalinso Abraham, anasamutsa banja kuwoloka mapiri kupita ku Kentucky. Tisanamizane apa, dziko limeneli silinali lopanda eni, a Shawnee ndi a Cherokee ankasakamo nyama kuyambira kale ndipo kubwera kwa azungu kunali kulanda, ndiye kunali kuphana mbali zonse. Abambo akewo anawomberedwa ali kumunda, Thomas ali pompo akuona, ndipo mkulu wake Mordecai ndi amene anathamangira mfuti m'nyumba nkuwombera mmodzi wa eni dzikowo amene anawaukira. Tsono tamverani izi. Pulezidenti mwiniwake polemba za banja lake mu 1860 anati agogo akewo anaphedwa cha m'ma 1784, koma ofufuza atayang'ana mapepala a malo anapeza kuti munthuyo anali moyo pambuyo pa chaka chimenecho ndipo imfa amaiika mu May 1786. Mdzukulu weniweni, pulezidenti, kuphonya ndi zaka ziwiri. Nde mukamamva kuti agogo anati chaka chakuti, landirani ndi ulemu koma kafufuzeni.

Chinanso ndi dzina. M'mapepala ena dzina la banjali linalembedwa Linkhorn chifukwa kalaliki ankangolemba mmene wamvera. Ofufuza akaumirira kuti ndikufuna Lincoln basi, ena mwa mapepala amenewa sawapeza.

Lamulo la nthawi imeneyo linkapereka malo kwa mwana wamwamuna woyamba, ndiye zonse zinapita kwa Mordecai, Thomas anatsala manja lende. Anayamba maganyu ali wamng'ono, kenako anaphunzira ukalipentala. Makabati ena amene anapanga alipo mpaka lero, a pakona aja, opala bwinobwino, ndipo mlesi sapanga kabati yotero. Mu 1803 ali ndi zaka 25 buku la malo ku Hardin County likumuonetsa akugula maekala 238 ku Mill Creek pamtengo wa mapaundi 118. Mwana wamasiye wa maganyu uja.

Pepala lomwe ndimalikonda kwambiri pankhani yonseyi ndi la ukwati. Kwa zaka zambiri kunali mphekesera yoti Thomas ndi Nancy Hanks sanakwatirane mwalamulo, kuti pulezidenti anali mwana wa kutchire, ndipo adani ake pandale ankaikonda nkhaniyi. Chifukwa chake chinali chimodzi, anthu ankakafufuza kukhoti ya ku Hardin County komwe Abraham anabadwira, osapeza kanthu. Kenako mu 1878, pulezidenti atamwalira kale zaka 13, pepala linapezeka kukhoti ya ku Washington County, mtauni ya Springfield ya ku Kentucky. Ndi chikalata chomwe mkwati ankasaina kulonjeza mapaundi 50 ngati patapezeka choletsa ukwatiwo, cholembedwa pa 10 June 1806, Thomas anasaina dzina lake ndipo kumbali ya Nancy anasaina Richard Berry ngati womuyang'anira. Panapezekanso kalata ya m'busa wa Methodist, Jesse Head, yonena kuti anawadalitsa pa 12 June. Ukwati unalipo ndithu, anthu ankangogogoda khomo lolakwika. Ndiye mukafufuza munthu muzifunsa kaye kuti mkazi anali wa kuti, chifukwa ukwati nthawi zambiri umalembedwa kwawo kwa mkazi, komanso malire a maboma amasintha, mudzi womwewo lero uli boma ili mawa boma lina, mabuku nkutsala kwakale.

Tibwere ku nkhani ya kuyendayenda ija. Mu December 1808 anagula famu ya Sinking Spring, maekala pafupifupi 300 pa madola 200, ndipo pamenepo ndi pomwe Abraham anabadwira pa 12 February 1809. Mu 1811 banja liri ku Knob Creek. Mu 1816 achoka ku Kentucky konse. Ukangoona madeti okhawo umati ee munthuyu anali ndi nyerere kumapazi, koma ukatsegula mafayilo a kukhoti nkhani imasintha. Ku Kentucky malo ankayezedwa mwachisawawa, malire ake kuchokera pamtengo wakuti kukafika pamwala wakuti kutsata kamtsinje, mtengo ukagwa malire apita. Boma la Virginia, lomwe poyamba Kentucky inali pansi pake, linagawa zikalata zambiri kuposa malo omwe analipo, mwakuti munda umodzi umatha kukhala ndi eni atatu aliyense ali ndi pepala lake m'manja. Inu amene munakhalapo pabwalo la amfumu pa mlandu wa malire mukudziwa mmene zimatopetsera, tsono uku kunali maloya ndi ndalama. Ku Mill Creek pogulitsa mu 1814 zinapezeka kuti malo ndi ochepa kusiyana ndi omwe analipira, anagulitsa moluza. Ku Sinking Spring kunapezeka ngongole yakale ya munthu wina yomwe inali pamalowo, mlandu unapita kukhoti, malo anapita. Ku Knob Creek kunabwera anthu a ku Philadelphia ndi chikalata chawo kufuna kusamutsa mabanja angapo nthawi imodzi, la Thomas lili momwemo. Mafamu atatu, mavuto atatu a mapepala. Pamene zonsezi zikuchitika buku la msonkho la 1814 likumuika pa nambala 15 mwa anthu 98 okhala ndi katundu, ndiye sanali wolemera koma sanalinso wapansi ngati mmene ankamunenera.

Abraham mwiniwake ananena kuti anasamuka mbali ina chifukwa cha ukapolo koma kwenikweni chifukwa cha mavuto a zikalata za malo. Za ukapolozo mabuku a mpingo amathandiza, banjali linkapemphera ku Little Mount, mpingo wa Baptist wa anthu amene anapatukana ndi anzawo pankhani yomweyi ya ukapolo. Ndipo ku Indiana komwe anapita mu December 1816, mwezi womwe Indiana inakhala steti, ukapolo unali woletsedwa komanso malo anali oyezedwa ndi boma m'mabokosi a manambala, ukagula wagula. Mu October 1817 anayenda ulendo wautali kupita ku ofesi ya malo ku Vincennes kukalembetsa maekala 160. Kumeneko anakhala zaka zoposa 13. Woyendayenda ameneyo?

Ku Little Pigeon Creek nkomwe kunachitika zowawa. Kuli chomera china kuthengo chotchedwa white snakeroot, ng'ombe ikadya poizoni wake amalowa mu mkaka, ndipo anthu nthawi imeneyo sankadziwa chomwe chikuwapha. Nancy anamwalira pa 5 October 1818, Abraham ali ndi zaka 9, bokosi anakhoma ndi Thomas yemweyo. Chaka chotsatira anabwerera ku Elizabethtown, ku Kentucky, nkukwatira Sarah Bush Johnston, mayi wamasiye wa ana atatu, pa 2 December 1819. Buku la mpingo wa Little Pigeon likumuonetsa akulowa mu 1823.

Apa ndikuchenjezeni za kalembera. Ku America anayamba mu 1790 koma mpaka 1840 ankangolemba dzina la mutu wa banja, ena onse ndi timizere, amuna angati akazi angati a zaka zakuti. Mayina a aliyense amene sanali kapolo anayamba mu 1850. Nde amayi ndi ana amasowa kwambiri m'mapepala amenewa, nchifukwa chake za Nancy anthu amakanganabe pomwe za mwamuna wake zili mbwee m'mabuku a msonkho.

Mu March 1830 anasamukira ku Illinois, ndipo anamwalira ku Coles County pa 17 January 1851. Abraham sanapite kumaliro, ndipo pali kalata yomwe analembera John Johnston, mwana wa mayi ake omupezawo, masiku ochepa bambo asanamwalire, yonena kuti mkazi wake akudwala komanso kuti kukumana kwawo mwina kukanakhala kowawa kuposa kosangalatsa. Anthu ambiri amaima pa kalata imeneyi nkumati anali pa udani. Ine ndimati muiike pambali pa pepala lina la mu 1841, pomwe Abraham analipira bambo ake madola 200 kugula maekala 40 a famu yawo koma nkulemba kuti makolowo azilima pamenepo mpaka imfa, kuti munthu wa ngongole asawalande. Ndiponso mayina ndi madeti a banjali mu Baibulo la bambo ake analemba ndi dzanja lake Abraham yemweyo. Mapepala atatu amenewa amachokera kwa mwana mmodzi yemweyo, ndipo amene wangowerenga limodzi akuuzani nkhani yosiyana ndi amene wawerenga onse.

A wapampando ndaona mwayang'ana wotchi, ndilandire mafunso. Amayi apo mwakweza dzanja, yambani ndinu.