Phiri, dambo ndi chigwa: kumene madzi athu amapita

Zikomo amfumu, zikomo anyakwawa, azimayi ndi azibambo nonse. Amene muli kumbuyoko senderani kuno kumthunzi, mawu anga safika patali.

Ndiyambe ndi tauni yathu. Mukaima pamsika n'kukweza maso, mumaona Kanjala ndi mapiri anzake atazungulira Chipata, ndiye mumaganiza kuti tili pansi. Ayi ndithu, tili pamwamba. Dera lonseli, kuchokera ku Katete kudzera kuno mpaka ku Lundazi, ndi malo okwera koma oyala, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere. Mapiri amene mukuwaonawa, ngakhalenso Mphangwe uko ku Katete, ndi thanthwe lolimba limene linatsala pamene mvula inkakokolola zofewa zonse kwa zaka mamiliyoni ambiri.

Tsopano kwerani basi ya ku Mfuwe. Msewu umangotsika, makutu n'kumatseka, juzi n'kuvula. Kumeneko ndi chigwa cha Luangwa. Chigwachi sichinakumbidwe ndi mtsinje wokha: kalekale nthaka inang'ambika, chapakati n'kutitimira, m'mbali n'kutsala chiimire. Khoma lija limaoneka kutsidya dzuwa likamalowa ndi Muchinga. Ku Mfuwe kukwera kwa malo pamwamba pa nyanja yamchere ndi ngati theka la kuno, ndipo pa mamita 1,000 alionse amene munthu watsika, kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 6. N'chifukwa chake abale athu Akunda amagona panja mu Okutobala. Pansi pa chigwa n'poyala, choncho Luangwa amayenda mokhotakhota, kugumula gombe lakunja n'kusiya mchenga chamkati. Tsiku lina amadula njira yachidule, khota lakale n'kusanduka thamanda la mvuu ndi ng'ona.

Chimene ine chimandisangalatsa ndi cha ku Mwami. Malire athu ndi Malawi amatsata msana wa mtunda. Mvula ikagwa mbali ya uko, madzi amapita ku Bua mpaka kunyanja ya Malawi. Ikagwa mbali ino amalowa mu Lutembwe, kenako Luangwa, mpaka Zambezi. Mtambo ndi umodzi womwewo!

Koma chandibweretsa lero ndi dambo lathu ili kuseri kwa sukululi. Agogo, inu mukukumbukira kuti kale munkatunga pachitsime chija mpaka Novembala? Eya, mwamva, akuvomera. Lero chimauma Ogasiti asanathe. Dambo ndi nkhokwe ya madzi. Mvula ikagwa paphiri lokhala ndi mitengo ndi udzu, madzi amalowa pansi n'kumatsika pang'onopang'ono m'nthaka, kudzatulukira kudambo chilimwe chili mkati. Tomato ndi repu wa m'madimba mwanu amamwa mvula ya mu Januwale. Phiri likametedwa chifukwa cha makala, madzi aja salowanso. Amathamanga pamwamba tsiku lomwelo, ofiira ngati thobwa lamawere, atanyamula nthaka ya m'munda mwanu pamodzi ndi feteleza amene munagula movutikira. Mchenga umakathera m'dambo, makande akuda aja n'kukwiririka.

Sabata yatha ndinaima m'chigwembe chili kumunsi kwa njira ya ng'ombe. Ndili mwana tinkachilumpha. Pano ndikalowamo mutu suoneka, ndipo mizu ya mtengo wa mango ili lende m'mwamba. Mtima unandiwawa, abale anga.

Pamtsetse mizere isaloze kudambo. Ipingase, kuti mzere uliwonse uimitse madzi. Pamene patsetsereka kwambiri tibzale udzu wa vetiva m'mizere yopingasa, ndipo pamwamba penipeni pa phiri khasu ndi nkhwangwa zisafikepo. Amayi uko akufunsa kuti mzere wopingasa bwino tiudziwa bwanji. Timitengo titatu tomangidwa ngati chilembo A, chingwe ndi kamwala, basi. Amfumu atilola kuyesera m'munda mwawo Loweruka m'mawa. Bwerani ndi makasu ndi zikhomo zosongola.