Makalata a omvera: "Mayi ananyamuka ndili mtulo"

Moni nonse a ku Harare kuno, ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa, Epworth ndi kulikonse kumene mwatchera khutu madzulo ano. Chikambireni za zilonda za mumtima, makalata angoti mbwee, ndiye tisachedwe.

Yoyamba ndi ya mayi wina wa ku Mabvuku, wapempha kuti dzina ndisatchule.

"Mu 2008, zinthu zitathina, m'masitolo mulibe kanthu, mayi anga anakwera basi pa Roadport kupita ku Joni. Ndinali ndi zaka 6. Sananditsanzike, ananyamuka ndili mtulo. M'mawa agogo anangondipatsa phala n'kunena kuti mayi apita kumsika. Madzulo aliwonse ndinkakhala pakhonde maso ali kumsewu. Tsiku limene anabwera, patadutsa zaka, ndinathawira kuseri kwa nyumba. Lero ndili pabanja. Bambo a kunyumba akachedwa, ngakhale ndikudziwa kuti kombi zavuta, ndimaimba foni osapuma, manja akunjenjemera. Akangolowa ndimawaikira nsima patebulo osawayankhula. Kutchalitchi akuti ndi chiwanda. Kodi ndikupenga?"

Simukupenga, mayi. Zimene mwalembazi dokotala wa ku England, John Bowlby, anathera nazo moyo wake wonse, ndipo mu 1951 analembera bungwe la World Health Organization lipoti lonena za ana otalikirana ndi owalera. Iye ndi mnzake James Robertson ankayang'anitsitsa ana aang'ono ogonekedwa m'zipatala makolo atabwezedwa pakhomo. Poyamba mwana amalira, kufunafuna, kukana kutonthozedwa. Kenako amafooka n'kungoti duu. Pomaliza amaoneka ngati wazolowera, anamwino n'kumati wayamba kumvera, koma mayi ake akabwera amayang'ana kumbali.

Taonaninso kalata yanu. Khonde lija ndi foni ya lero. Kuseri kwa nyumba kuja ndi nsima yoperekedwa mwakachetechete. Mutu wanu ukudziwa bwino kuti ndi kombi chabe, koma thupi linaphunzira lili laling'ono kuti wotuluka pakhomo sabwerako.

Ndipo pano ndinene poyera, kuleredwa ndi agogo si chilonda. Ambirife tinakulira pamsana pa agogo ndi azakhali, tili bwinobwino. Chinakupwetekani ndi kuzemba kuja ndi bodza la kumsika, poti simunapatsidwe mpata wolira chinthu chodziwika. Inu amene muli ndi tikiti ya basi m'thumba usiku uno, mdzutseni mwanayo, mumutsanzike. Alire muli pomwepo.

Chithandizo chimene akatswiri amachitcha psychodynamic chimagwira pamenepa. Mumakumana ndi mlangizi mmodzi yemweyo, tsiku lomwelo, ola lomwelo, sabata ndi sabata, nthawi zambiri kwa miyezi. Sakupatsani malamulo a m'banja. Amamvetsera, n'kumakuthandizani kuona pamene zakale zikulowerera m'zalero. Ola likatha mumasiyana, sabata yotsatira mumamupeza ali pampando pomwepo, ndipo kubwerezabwereza kumeneko n'kumene kumayamba kuziziritsa mtima. Pemphero musasiye, ziwirizi sizilimbana. Bambo a kunyumba muwauzenso za khonde lija, tsiku limene simunayambane.

Yachiwiri, achimwene a ku Highfield. Akuti: "Bambo anga anali a lamba, sankamva zonena za mwana. Ndinayamba kupita kwa mlangizi, zinkayenda. Tsiku lina anayang'ana wotchi ine ndili pakati pa nkhani, kenako n'kunena kuti apita ku tchuthi. Ndinapsa mtima, sindinabwererekonso. Ndalama zanga zizipita pa munthu woti sandilabadira?"

Achimwene, mwathawa pamene ntchito imayamba. Sigmund Freud wa ku Vienna anaona zimenezi zaka zoposa 100 zapitazo: wodwala amayamba kumuona womuthandiza ndi maso amene ankaonera makolo ake. Wotchi ija inakubwezerani pamaso pa bambo anu. Bwererani mukamuuze mmene mwandilemberamu, mawu ake omwewa, kuti munandinyoza. Mlangizi wodziwa ntchito sakalipa ndipo sadziteteza, amakufunsani kuti kunyozedwa kotere munakumva liti koyamba. Mwina kadzakhala koyamba kukwiyira munthu wamkulu popanda lamba kutuluka. Koma akakunyogodolani kapena kukuopsezani, pamenepo ndiye funani wina.

Bambo a ku Rugare alemba mwachidule: "Izi n'zachizungu. Ife tili ndi ankhoswe."

Bambo, ankhoswe ndimawalemekeza, ndewu ya m'banja amaithetsa. Koma mantha amene munthu analowa nawo m'banjamo ali nawo kale, ankhoswe adzawaweruza bwanji? Za chizunguzo, Mary Ainsworth, amene anagwira ntchito ndi Bowlby, kafukufuku wake woyamba wa m'mabanja pa nkhaniyi anamuchitira ku Uganda mu 1954 ndi 1955. Ankayendera mabanja 26 m'midzi ya kufupi ndi Kampala, kukhala m'nyumba zawo n'kumaona khanda likukwawa kutali pang'ono, kucheuka kuona ngati mayi alipo, n'kupitiriza kusewera. Anamuphunzitsa ndi amayi a ku Africa konkuno.

Ambiri mwafunsa za ndalama, ndipo zoona, alangizi a pulayiveti m'tauni muno ndi okwera mtengo. Yambirani pa Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu 2006. Ndi agogo ophunzitsidwa, amakhala pa benchi panja pa makiliniki a khonsolo, ndipo salipiritsa. Njira yawo ndi ina, yaifupi, pafupifupi maulendo 6, yothandiza kumasula vuto limene lakupanikizani lero. Si chithandizo chakuya chimene ndafotokoza chija, koma akaona kuti nkhani ndi yaikulu amakutumizani patsogolo. Amene maganizo ofuna kudzipha akumufikira asadikire benchi, apite lero lomwe ku Annex, mbali yoona za matenda a maganizo pa chipatala cha Parirenyatwa, kapena ku chipatala cha Sally Mugabe. Ngati ndi mwana amene akuzunzidwa, imbani 116, Childline, ndi yaulere.

Mayi a ku Tafara amene mwalemba za mwana wa malemu mchemwali wanu wosiya kuyankhula, kalata yanu ndi yaitali ndipo sindifuna kuidula. Tidzayambira imeneyo sabata ya mawa.